Manja Anu Akukamba Chiyani?

Malemba a sabata ino: Yesaya 58:9, 1 Akorinto 10:32, 1 Timoteo 2:8



Taphunzira maningi za kusunga lilime. Manje lero tikambe za manja, chifukwa nawonso amakamba, ndipo zimene akamba kuno sizimene akamba kwina.

Kwathu mukudziwa kale. Mwana akaloza munthu wamkulu ndi chala, kapena akapereka chinthu ndi dzanja lamanzere, timati alibe mwambo. Nthawi ya kampeni, chikhatho chotambasula anthu amati ndi UPND, chibakera amati ndi PF. Amene munali ku Kanyama mu 2021 mukukumbukira mmene zinthu zinatenthera, mpaka asilikali kuikidwa m'misewu. Masiku amenewo munthu anali kuganiza kawiri asanakweze dzanja pa steshoni.

Tsono ambiri a inu mumayenda, ena pa bizinesi, ena ana anu akusewenza kunja. Tamverani izi. Ku Nigeria, kutambasula zala zonse zisanu n'kulozetsa chikhatho kumaso kwa munthu ndi kutukwana amai ake. Ku Greece nakonso ndi chipongwe chachikulu. Ife timatambasulira anthu manja powapempherera, koma kunja kwa pemphero dzanja lomwelo lingayambitse ndewu. Zala ziwiri zimene achinyamata mumakweza pojambulitsa, ku UK zimakhala chitonzo ngati kumbuyo kwa dzanja kwayang'ana munthu. Kupanga kabowo ndi chala chachikulu ndi cholozera, kumene ife timati zonse zili bwino, ku Brazil ndi ku Turkey ndi zolaula. Ku Dubai, kuonetsa munthu chala chapakati ndi mlandu, mungamangidwe n'kubwezedwa kwanu.

Mwina mukuti, “Koma ine mumtima kulibe choipa.” Zoona. Koma mnzanuyo saona mtima, aona dzanja. Paulo anauza Akorinto kuti asakhumudwitse Ayuda, Agiriki kapena mpingo wa Mulungu. Anali kudziwa kuti anthu amenewa miyambo yao ndi yosiyana, ndipo ntchito yophunzira anaipereka kwa wokhulupirira. Kufunsa kuti “kwanu mumachita bwanji?” ndi chikondi, si mantha.

Mbali ina ndi iyi. Mu komboni tili ndi abale ochokera ku Rwanda, ku Burundi ndi ku Congo, ena mabwana anu ndi ochokera ku China. Wina akakupatsani chenji ndi dzanja lamanzere, kapena akakukodolani ndi chala chimodzi, musathamangire kukalipa. Kapena kwao si chipongwe. Chifundo chimene mufuna kulandira mukalakwitsa kudziko la eni, yambani ndinu kuchipereka pano.

Pa Yesaya 58, Mulungu akulonjeza kuyankha anthu ake akaitana, koma chimodzi mwa zinthu zimene akuti achotse pakati pao ndi kulozana chala. Taganizani, chala chabe chingatsekereze yankho la pemphero! Ndiye chifukwa chake Paulo akufuna manja okwezedwa m'pemphero akhale oyera, opanda mkwiyo ndi makani. Dzanja limene Lachinayi linatukwana kondakita, ndi lomwelo mudzakweza pa Sondo.

Sabata ino chitani zitatu. Musanayende, funsani amene anafikako. Musanatumize emoji ya dzanja kwa mlendo pa WhatsApp, lembani mau. Wina akakukhumudwitsani ndi dzanja, mufunseni mwaulemu musanamuweruze.

Tipemphere: Atate, manja awa ndi anu. Ayeretseni. Asatseke khomo limene Inu mukutsegula, asachititse manyazi dzina la Mwana wanu. Akhale manja odalitsa, kuno ndi kunja. M'dzina la Yesu, Amen.

Ba Bishopu akupatsani moni nonse. Tumizaniko uthengawu kwa m'bale amene ali kunja kwa dziko.