Khoswe wogona m'makina

Ndimadabwa ndithu kuti chiwalo chokonda shuga kuposa zonse ndicho chimavulala mwakachetechete shugayo akachuluka. Ubongo wa munthu ndi magawo 2 okha pa magawo 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi magawo 20 a mphamvu zathu, ndipo chakudya chake chenicheni ndi shuga yemweyo. Tikamakamba za matenda a shuga timatchula maso, impso, zilonda za kumapazi zosapola, chifukwa izi zimaoneka. Za m'mutu sititchula, munthu akayamba kuiwalaiwala timangoti wakula.

Amene atithandiza kusuzumira m'mutumo ndi makoswe. Kuyambira 1963 ofufuza akudziwa kuti mankhwala otchedwa streptozotocin, ochokera ku tizilombo ta m'dothi la ku Kansas, amapha maselo a m'kapamba opanga insulin, moti khoswe wabwinobwino akamubaya jakisoni, pakapita masiku ochepa amayamba kumwa madzi osaleka, kukodza pafupipafupi, kenako kuwonda. Matendawo sanamugwere, tinachita kumupatsa, ndipo Ambuye, inu amene munalenga iye ndi ine, mukudziwa kuti pamenepa mtima wanga sukhazikika, ngakhale ndikuyamikira zimene taphunzirapo.

Mu 1996, ku Utrecht, Geert Jan Biessels ndi anzake anaika makoswe otere m'kadziwe kozungulira, momwe munali kansanja kobisika pansi pa madzi. Khoswe wathanzi akasambira kangapo amaloweza pamene pali kansanjako n'kumangolunjika. Odwala kwambiri aja ankachedwa kuloweza, ankazungulirazungulira ndi mphuno pamwamba, kufunafuna malo amene anaimapo kale. Vuto linapezeka m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, kothandiza kukumbukira malo. Mu 2000, ku Rockefeller University ku New York, Ana María Magariños ndi Bruce McEwen anaona kuti tinthambi ta maselo a m'kachigawoka tinali titafupika, ndipo malo amene selo limapatsirana uthenga ndi linzake anali atasintha. Apa ndi pamene ndimakhalitsa. Maselowo analipo, amoyo, koma kufikirana kwawo ndiko kunachepa, ngati mudzi umene nyumba zonse zili chiimire, utsi ukufuka, koma tinjira topita kwa anansi tamera udzu, ndipo palibe anganene tsiku limene anthu analeka kuyenderana.

Kuti aone zimenezi, khosweyo ankayenera kufa kaye. Masiku ano amamugoneka wamoyo m'makina a MRI a kabowo kakang'ono, a maginito a mphamvu ya matesila 7 kapena 9.4, pomwe a m'zipatala za anthu kawirikawiri amakhala a 1.5 kapena 3. Pamphuno pake pamadutsa mpweya wogonetsa, pansi pake pali chofunditsa kuti asazizidwe, pamimba kachipangizo kowerenga kupuma kwake, ndipo pakapita masabata angapo amamubweretsanso yemweyo, kuti kusinthako akulondole pang'onopang'ono.

Komatu makinawo saona polumikizana penipenipo, n'pang'ono kwambiri. Chimene amaona ndi madzi, momwe akuyendera motsata ulusi wa minyewa, ndiponso magazi, ngati akukwera ndi kutsika limodzi m'zigawo ziwiri za ubongo; pamenepo munthu amachita kuganizira kuti zigawozi zikulankhulana kapena zasiyana. Ndimadzifunsa kuti kodi ubongo wogonetsedwa ndi mankhwala umalankhula ngati wa khoswe amene akusambira ndi mantha, nanga mitundu yokongola ya zithunzi za makinawo pakompyuta, yofiira ndi yachikasu, sitiikhulupirira msanga chifukwa choti ndi yokongola? Sindikunyoza ntchitoyi ayi. Ndikungoona kuti tikuyeza kukumbukira poyang'ana kayendedwe ka madzi, ndipo n'zodabwitsa kuti madziwo amanenako zoona.

Gulu la ku Utrecht lija linabwerezanso ntchitoyi mu 1998, ulendo uno ndi insulin. Makoswe amene anayamba kuilandira matenda atangoyamba analoweza kansanja kaja bwinobwino. Amene anawachedwetsa, ubongo wawo unangobwererako pang'ono. Chaka chotsatira, kafukufuku wa okalamba a ku Rotterdam anapeza kuti mwa odwala shuga, chiopsezo cha matenda oiwala chinali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Khoswe si munthu, ndikudziwa, koma mawu oti kuchedwa aja amandivutitsa, poti kwathu kuno ambiri amakamva kuchipatala kuti ali ndi shuga maso atayamba kale kuchita chifunga, ndipo palibe amawafunsa kuti kuiwalaiwalako kunayamba liti.