Za Kukumbukira Atate Amene Anatsikira Kulichete

Kuyambira masiku amene atumiki a Dutch Reformed Church anakhazikika pa Mvera m'chaka cha 1889, ndi ansembe a Chikatolika pa Mua m'chaka cha 1902, Akhristu a m'dziko muno akhala akufunsana funso ili: kodi mwana angakumbukire atate ake ogona kufikira pati, asanagwe m'tchimo la kupembedza akufa? Makolo athu analibe nkhawa yotere, pakuti kwa iwo maliro sanali kutha pa tsiku loika. Anali kumeta, ndipo itapita miyezi, chimanga chili m'nkhokwe, anali kufulula mowa wa bona, gule natuluka kudambwe, kuti mzimu wa malemuyo ukhazikike pakati pa makolo, usabwerenso kudzasautsa amoyo m'maloto. Mpingo unaletsa zambiri za izi, ndipo lero timanga ziliza, abusa nadzapemphera pozivundukula, Akatolika nasunga tsiku la 2 Novembala kupempherera mizimu ya akufa. Koma mtima wofuna kuchitira kanthu atate ogona sunazirale mwa munthu aliyense.

Ine ndiyesa kuti tchimo limene latiyandikira koposa ndilo la kuiwala, makamaka ife a mwambo wa chikamwini. Taganizirani za mwamuna amene asiya mudzi wa amake, namanga nyumba kwa mkazi wake, nalima munda umene sudzakhala wake nthawi zonse, apongozi alikuyang'ana ngati mizere yawongoka. Ana amene abala ali mbumba ya atsibweni awo, ndipo pa mlandu, kapena pa ukwati wa mwana wake wamkazi amene anamlera ndi thukuta lake, wolankhula ndiye mwini mbumba, iye ali phee pambali, popeza akulu anati mkamwini asamakule mwendo. Mkazi akatsogola kumanda, nthawi zambiri mwamunayo anyamula nkhwangwa ndi mphasa nabwerera kwawo, kusiya mitengo ya mango imene anabzala yekha. Ndipo akamwalira iye, abale ake adza kudzatenga mtembo, kuti akagone pakati pa anthu a mtundu wa amake, kutali ndi adzukulu amene anawaphunzitsa kugwira khasu.

Ndinadziwa nkhalamba ina ya kumapiri a Dedza, imene pa unyamata wake inapita ku Joni pa Wenela, koma siinachone monga anachitira anzake ambiri. Inabwera ndi njinga ndi makina osokera, niyamba kusoka malaya pakhonde pa sitolo kuti ana apeze ndalama za sukulu. Timapepala tonse tosonyeza kuti fizi yalipidwa inatisunga m'chitini cha tiyi, totsatana chaka ndi chaka, tomangidwa ndi ulusi wakuda. Maso atachita mdima, inali kukhala pa mpando wa ndalema kusemera adzukulu timipini ta makasu molingana ndi msinkhu wa aliyense, ndi kuwakumbira mbatata m'phulusa m'mawa wa Juni. Mwa ana amene inawaphunzitsa, awiri anali a mlamu wake womwalira, ndipo munthu wakudza sakadatha kuwasiyanitsa ndi ake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akale. Kodi mphotho ya munthu wotere inali chiyani, pamene mwambo sunamlonjeze munda, kapena ufumu, kapena manda m'mudzimo?

Malembo Oyera sakhala chete pa nkhani iyi. Yosefe wa ku Nazarete analera Mwana amene sanali wa mwazi wake, namthawitsira ku Aigupto usiku, namdyetsa ndi ntchito ya mmisiri wa matabwa. Ndipo ngakhale alembi a Uthenga Wabwino sanatisungire liwu ndi limodzi lomwe lotuluka m'kamwa mwake, ntchito zake anazilemba, ndipo palibe anawanena kuti apembedza munthu. Mose potuluka m'dziko la ukapolo ananyamula mafupa a Yosefe mwana wa Yakobo, mafupawo nayenda ndi Aisraeli m'chipululu kufikira anaikidwa ku Sekemu. Koma Abisalomu, amene anaukira atate ake, anadziimikira yekha chipilala akali moyo, poopa kuti dzina lake lidzafafanizika, ndipo thupi lake linathera m'dzenje la kunkhalango. Lamulo la kulemekeza atate ndi amayi silinaikidwe malire akuti lithera pa manda. Kupembedza ndiko kupempha kwa akufa mvula, moyo ndi chikhululukiro, zimene apatsa ndi Mulungu yekha. Kutchula ntchito zawo ndi kutcha mwana dzina lawo ndiko kubweza ngongole, ndipo mwana wosabweza sapambana mnzake pa chikhulupiriro.

Pano ndiyenera kunena mawu owawa pang'ono. Tawaona ana amene analekerera atate awo kugona opanda bulangete m'nyengo yachisanu, nadzagula bokosi lonyezimira ndi nkhata zamaluwa pa tsiku la maliro, kuti mudzi uwatame. Mwana wotere ndiye Abisalomu wodzimangira chipilala pa manda a mwini. Tamvanso mbiri ya womwalira ikuwerengedwa mothamanga, chaka chobadwa, chaka chobatizidwa, chiwerengero cha ana ndi adzukulu, basi, osamveka ngakhale chinthu chimodzi chimene munthuyo anachita ndi manja ake.

Chifukwa chake ndipempha akulu a mpingo kuti pa maliro a bambo wotere apatse mpata mdzukulu mmodzi anene zimene anaziona. Ndipo inu ankhoswa a kuchimuna ndi a kuchikazi, amene mumachezera usiku kukangana za kumene mtembo ukagone, lolani kuti agone kumene ana ake ndi adzukulu ake angathe kufika ndi makasu pa tsiku lolambula kumanda.