Kodi Chaka Chino Akapume Ndani?

Mawu otsogolera: Marko 6:30-34

 Tikhulupirira kuti mwalowa bwino m'chaka chatsopano, ngakhale kuti ino ndi miyezi yowawa, pamene nkhokwe zapepuka ndipo chimanga cha kumunda chisanakhwime.

Chaka chikamayamba, makalata a zochitika amayambanso kuyenda. Posachedwapa tilowa m'nyengo ya Lenti, imene imayamba Lachitatu la Phulusa, ndipo maparishi adzakonza masiku a m'bindikiro. Lachisanu loyamba la mwezi wa Malichi ndi tsiku la mapemphero a amayi pa dziko lonse, limene timapemphera pamodzi ndi anzathu a Mvano ndi a mipingo ina. Pa 25 Malichi tili ndi tsiku lathu lalikulu, lokumbukira uthenga umene mngelo Gabrieli anabweretsa kwa Maria Woyera. Tikakolola, misewu itauma, idzabwera misonkhano ndi maphunziro a m'zigawo ndi a dayosizi. Pa 9 Ogasiti timakumbukira mayi Mary Sumner. Ndipo kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala pali masiku 16 olimbana ndi nkhanza zochitira amayi ndi atsikana. Malo ndi nthawi ya chilichonse tidzamva kwa ansembe athu ndi kwa alembi a nthambi zathu.

Zonsezi n'zabwino, ndipo tithokoze Mulungu chifukwa cha iwo amene amakonza. Koma kalata ikafika pa nthambi, pamatsala funso limene timaliyankha mofulumira kwambiri, nthawi zina tisanapemphere n'komwe: kodi apite ndani? Funso limeneli ndi limene tikufuna tiliike patsogolo pa Mawu a Mulungu lero.

Tiyeni tione bwino zimene Marko akutiuza. Ambuye Yesu anali atatuma ophunzira ake khumi ndi awiri aja kuti apite awiriawiri m'midzi. Analalikira, anadzoza odwala mafuta, anayenda wapansi opanda kamba. Pamwamba pomwepa pa ndime yathuyi pali nkhani ya kuphedwa kwa Yohane Mbatizi ndi kuikidwa kwake m'manda. Choncho anthu amene anabwerera kwa Yesu tsiku limenelo anali ochokera ku ntchito, ndipo m'dziko munali maliro. Marko akuwonjezera kuti obwera ndi opita anachuluka kotero kuti ophunzirawo anasowa ngakhale mpata wakuti adye. Pamenepo Yesu sanawapatse ntchito ina. Anawauza kuti achoke naye, apite kwa okha kumalo kopanda anthu, akapumeko pang'ono.

Taonani amene anaitanidwa. Sanasankhidwe chifukwa cha udindo, kapena chifukwa chodziwa kuyankhula pagulu. Anaitanidwa chifukwa anali atatopa. Chizindikiro chimene Ambuye anachiona pa iwo n'chakuti sanadye.

Ena mwa ife tinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri tisanapume, ndipo chizindikiro chimenechi timachidziwa. M'wodi mumakhala odwala a mitundu iwiri. Woyamba ndi amene wagona pabedi, dzina lake lili pa fayilo, ndipo adokotala amamuona m'mawa uliwonse. Wachiwiri ndi gadiyani, amene amagona pansi pa bedilo. Iye alibe fayilo. Amasambitsa, amachapa, amaphika phala, amathamangira kukaitana anamwino usiku. Tikukumbukira usiku wina, zaka zija matenda a Edzi anali atatisautsa mankhwala otalikitsa moyo asanafalikire, pamene mayi wina wachikulire amene ankadikirira mwana wake wamwamuna anagwa pakhomo la wodi mphika uli m'manja. Titamuyeza tinapeza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, ndipo anali atatha masiku atatu akumwa tiyi yekha, chifukwa chakudya chonse ankasungira wodwala. Ife anamwino tinali kumudutsa tsiku lililonse, tikumupatsa moni, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anamufunsa ngati wadya. Mlandu umenewo ndi wathu, ndipo sitinauiwale.

Amayi anzathu, m'nthambi iliyonse ya Mothers' Union muli gadiyani wotere. Ndi mayi uja amene amafika woyamba pa maliro n'kuchoka womaliza. Ndi gogo uja amene akulera adzukulu asanu amasiye. Ndi mayi uja amene mwamuna wake anafa ziwalo, ndipo chaka chachitatu tsopano akumutembenuza yekha pamphasa. Ndi uja amene nyumba yake inagwa ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno ndipo mapiri a kuno ku Chiradzulu anagumukira midzi, ndipo mpaka lero mvula ikagunda padenga usiku iye sagona. Mayi ameneyu amavala yunifolomu ya buluu ndi yoyera monga ife, amapereka zopereka zake, amasesa m'tchalitchi. Koma tifufuze m'mabuku athu: kodi dzina lake linalembedwapo pa mndandanda wa opita ku m'bindikiro?

Tinene zoona pamaso pa Mulungu. Amene timapita ndife omwe omwewo: wapampando, mlembi, msungichuma, ndi iwo amene amatha Chingerezi. Ife tikulemba pano tapita ku Chilema ku Malosa kangapo, takhala pa mipando ya kutsogolo ku St Paul's Cathedral ku Blantyre, ndipo m'sutikesi mwathu muli nsalu za misonkhano zimene sitinazivalepo. Pamene mnzathu wa pa nthambi yomweyo sanagonepo usiku umodzi kunja kwa mudzi wake, kupatula ku maliro ndi ku chipatala. Tikafunsidwa timati, "Aja sangathe kuchoka, ali ndi wodwala." Koma chifukwa chimene tikumusiyira ndicho chifukwa chimene Yesu akanamutengera.

Pali chinanso chimene chatilowa, ndipo tichitchule dzina. Ndi mtima wa alawansi. Tinakhalapo pa maphunziro ena kumene tsiku loyamba lonse linathera pa kukangana za ndalama ya chakudya ndi ya thiransipoti, Baibulo lili chitsekere. Sitikunyoza umphawi, tonse tikuudziwa mtengo wa feteleza ndi wa minibasi. Koma ulendo ukasanduka malonda, amphamvu ndiwo amaulanda, ndipo wotopa uja satchulidwa n'komwe.

Mwina wina anena kuti kupuma ndi ulesi, ndipo Mkhristu weniweni amangopirira. Tiyeni tiyang'ane pafupi pomwepa. Ku Magomero, m'boma lathu lino, ndi kumene Bishopu Charles Mackenzie anakhazikitsa mishoni yoyamba ya mpingo wathu m'chaka cha 1861, pamodzi ndi anthu amene anawomboledwa m'magoli a ukapolo. Kumayambiriro kwa 1862 anatsikira ku mtsinje wa Shire kukachingamira mlongo wake ndi ena amene ankabwera kudzathandiza ntchito. Panjira bwato linagubuduzika, ndipo mankhwala a malungo anatayika m'madzi. Iye anapitirira ulendo wopanda mankhwalawo. Pa 31 Januwale 1862 anamwalira ndi malungo pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ali ndi zaka 36 zokha. Mnzake wa paulendowo, wansembe Henry Burrup, anafika ku Magomero atafooka ndipo anamwaliranso patapita masabata ochepa. Timawalemekeza chifukwa cha chikondi chawo, ndipo ndife zipatso za ntchito yawo. Koma namwino aliyense akamva nkhaniyi amaphunzirapo kanthu: thupi la mtumiki wa Mulungu ndi thupi ndithu. Malungo sanaope ubishopu, ndipo kuthamanga kwa magazi sikuopa yunifolomu. Ngakhale mneneri Eliya, pa 1 Mafumu 19, atagona pansi pa mtengo n'kupempha imfa, Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula. Anamulola agone, anamutumizira mkate ndi madzi kawiri konse, ndipo kuyankhula naye kunabwera pambuyo.

Wina anenanso kuti, "Aja ndi amanyazi, sadziwa kulemba, akatichititsa manyazi kumeneko." Tikumbukire m'mene bungwe lathu linayambira. M'chaka cha 1876, ku Old Alresford ku England, mayi Mary Sumner, mkazi wa wansembe, anaitana amayi a m'parishi mwawo, olemera ndi osauka omwe, kuti akumane kunyumba kwawo. Amayiwo atafika, iye anagwidwa ndi mantha kotero kuti analephera kuyankhula, ndipo mwamuna wake ndiye anayankhula m'malo mwake. Patapita sabata anawaitananso, nayankhula yekha. M'chaka cha 2026 bungwe limeneli likukwanitsa zaka 150, ndipo lili ndi mamembala pafupifupi 4 miliyoni m'maiko oposa 80. Linayamba ndi mayi wamantha amene anapatsidwa mpata wachiwiri. Ife ndife yani kuti timane mnzathu mpata woyamba? Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Tsono tichite chiyani? Tikupempha zinthu zinayi, ndipo palibe chimene chikufuna chilolezo cha ku likulu kapena thandizo la kunja.

Choyamba, kalata ikafika tisatchule maina tsiku lomwelo. Tiyambe tapemphera, kenaka mlembi atsegule buku, tione amene sanapiteko chilowereni m'bungwe. Pa anthu awiri alionse opita, mmodzi akhale woyamba kumene. Pamene msonkhano ukufunadi a maudindo, wapampando apite, koma asapite yekha.

Chachiwiri, tisamangouza mnzathu kuti pitani, timumasule. Ngati ali ndi wodwala, tigawane masikuwo: wina agone kumeneko Lachisanu, wina Loweruka, wina aphikire ana ndi kuona kuti mankhwala amwedwa pa nthawi yake. Ife amene tinaphunzira za chipatala tili okonzeka kuonetsa anzathu katembenuzidwe ka wodwala kuti asachite zilonda, ndi kasambitsidwe kake. Ngati bambo a kunyumba akukayika, amayi awiri achikulire apite akakambirane nawo mwaulemu nthawi ikadalipo, osati usiku woti mawa ndi ulendo. Kupatsa n'kuika: mawa wogona pansi pa bedi adzakhala mmodzi wa ife.

Chachitatu, ndalama ya ulendo tiyambe kusonkha tsopano, pang'onopang'ono. Tikakolola, aliyense apatule mbale ya chimanga kapena ya nandolo, tigulitse, ndalamayo ilembedwe m'buku ndi kuwerengedwa poyera. Pasapezeke mayi wotsala chifukwa cha mtengo wa minibasi ya ku Limbe.

Chachinayi, m'bindikiro wa pa parishi tiupatse ulemu wofanana ndi wa kutali. Si onse adzafike ku Malosa, koma aliyense angathe kufika pa tchalitchi chake. Tsiku limenelo likhale lopumadi: mafoni azimitsidwe, nkhani za zopereka zidikire tsiku lina, pakhale nthawi yokhala chete, ndipo ophika asakhale omwe aja amaphika pa maliro onse. Tipemphe atsikana athu, ngakhale abambo, atigwirire miphika tsiku limodzi lokha. Ndipo ngati pali namwino pafupi, abwere ndi makina oyezera BP, akumbutsenso amayi za kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutenga amayi ambiri m'Malawi muno pamene ikapezeka msanga imachizika.

Pomaliza tibwerere kwa Marko. Ophunzira aja anapuma m'ngalawa mokha, chifukwa pofika tsidya lija anapeza khamu lawatsogolera kale. Yesu anawamvera chifundo anthuwo, pakuti anali ngati nkhosa zosowa mbusa, ndipo madzulo ake anadyetsa amuna 5,000 ndi mikate isanu ndi nsomba ziwiri. Amene anagawa chakudyacho ndi ophunzira omwe aja amene m'mawa anasowa mpata wakudya. Apa tikuona kuti kupuma kumene Ambuye amapereka si kuthawa anthu ayi. Amatichotsa kanthawi kuti atibweze tili ndi kanthu m'manja. Choncho iwe amene udzapite chaka chino, pobwera usatibweretsere nsalu yokha ndi nkhani ya ndiwo zimene munadya. Pa msonkhano wotsatira wa nthambi uimirire, utiuze chimodzi chimene Mulungu wakuuza ndi chimodzi chimene waphunzira, kuti otsala nawonso adye.

Ndipo inu mayi amene mwawerenga izi, kapena wina wakuwerengerani, ndipo mumtima mukuti, "Ine sindingachoke, zonse zingaime," tamverani. Ambuye anaona kuti simunadye. Anzanu akabwera kudzakuuzani kuti chaka chino ndi inu, musakane.

Tipemphere. Ambuye Yesu, Inu amene munaona kutopa kwa ophunzira anu iwo asanadandaule, tsekulani maso athu kuti tione otopa a pakati pathu. Dalitsani misonkhano, maphunziro ndi masiku a m'bindikiro a chaka chino m'maparishi onse a dayosizi yathu. Tsogolerani Ambuye Bishopu, ansembe ndi onse okonza. Sungani oyenda pamsewu, limbikitsani otsala ndi odwala, ndipo mutichotsere mtima wodzikonda posankha maina. Tapempha m'dzina lanu loyera. Amen.