Makalata a mu Dirowa

Padangokhala mtsikana wina wakumudzi, woyamba m'banja mwawo kusankhidwira ku koleji. Makolo ake anagulitsa mbuzi ndi matumba a soya kuti fizi ikwane, ndipo mudzi wonse unamuperekeza pokwera basi.

Chaka chachiwiri chili mkati, mphunzitsi wina anayamba kumutumizira mauthenga pa WhatsApp usiku, namuopseza kuti akakana zofuna zake phunzirolo sadzakhoza. Mtsikanayo anakana ndithu. Tsiku lina chakumadzulo mphunzitsiyo anamuitanira ku ofesi kuti akaone pepala lake la mayeso. Atalowa, bamboyo anakiya chitseko namugwirira.

Anafika ku hosteli ali njenjenje. Amayi oyang'anira hosteliyo, omwe anakalambira pantchitoyo, sanamufunse kuti anavala chiyani kapena amakafunako chiyani. Anamufunditsa chitenje chawo nati, "Mwanangu, wolakwa si iwe. Usasambe, zovalazi usachape, mauthenga aja usafufute. Tiye kuchipatala usiku womwe uno, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amafunika kuyamba pasanathe maola 72." Kutacha anapita naye kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, kenako anamuthandiza kulemba kalata yodandaula kwa mkulu wa koleji.

Mkuluyo anawerenga kalata thukuta lili kamukamu. Mphunzitsi uja anali mnzake wakalekale, komanso mwezi womwewo kumabwera alendo opereka thandizo la ndalama. "Iwe mtsikana," anatero, "nkhani ngati izi zimathera m'nyumba. Ukufuna dzina la koleji lino liipe chifukwa cha iwe?" Anaponya kalata mu dirowa nakiya.

Mtsikanayo anapitiriza kukhala m'kalasi la munthu yemwe uja, mutu uli pansi. Mayeso atatuluka, anamulepheretsa. Anzake anayamba kumuloza zala. Tulo sankatipeza, nsima siinkatsika, mpaka analongedza katundu kuti azipita kwawo.

Amayi aja anamulanda chikwama nalunjika ku ofesi ya mkulu. "Bwana, pepani, ndili ndi mawu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pomufuna zogonana ndi mlandu, chilango chake K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Kugwirira ndiye kumaposa apo. Lamulo lomwelo limafuna kuti pamalo antchito ngati pano pakhale ndondomeko yolandirira madandaulo otere ndi kuwafufuza, ndipo wodandaula sayenera kudikira kuti inu mumalize zanu asanapite kukhoti. Mphunzitsiyo ayambe waima kaye. Pepala la mwanayu achonge munthu wina. Dzina lake lisungidwe mwachinsinsi, ndipo apatsidwe womulimbitsa mtima kuti sukulu asasiye."

Mkulu uja anangoti, "Mayi, ntchito yanu ndi makiyi a hosteli. Tulukani."

Amayiwo anatulukadi, koma sanabwerere ku hosteli. Anakwera minibasi ndi mtsikana uja kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, bungwe lomwe linapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa. Ofufuza atafika pakolejipo anapempha kuti dirowa ija itsegulidwe. Pansi pa kalata ya mtsikanayo panali makalata ena anayi a zaka zam'mbuyo, onse otchula mphunzitsi mmodzi yemweyo. Eni makalatawo anali atasiya sukulu mmodzimmodzi, wina atakwatiwa, wina akugulitsa tomato pamsika. Atamva kuti nkhani yafika pabwalo, onse anabwera kudzaikira umboni.

Khoti linamupeza wolakwa mphunzitsi uja, nalowa m'ndende. Mkulu wa koleji anachotsedwa pampando, ndipo dzina lomwe ankaliteteza linamveka pa wailesi dziko lonse chifukwa cha makalata amene anabisa. Pepala la mtsikanayo litachongedwanso, anapezeka kuti anakhoza bwino, ndipo maphunziro ake anamaliza.

Akuluakulu anati wobisa matenda maliro amamuulula. Mkulu uja akanafufuza kalata yoyamba, atsikana anayi otsatira akanapulumuka. Inu amene muli pamipando m'masukulu, wophunzira akabwera ndi dandaulo lotere mumvetsereni tsiku lomwelo, mutetezeni kwa amene wamulakwira, fufuzani mosakondera, ndipo onetsetsani kuti maphunziro ake asaduke. Lamulo likukulamulani kutero, ndipo umunthu ukutero kumene, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.