PHUNZIRO 9: WOPUNDUKA PAGOME LA MFUMU

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: Masalmo 68:5, 6.

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambi umenewu walera ana amasiye ambiri m'dziko muno, ndipo sitiunyoza. Koma taonani mbali yake yotsiriza: ikulonjeza mphotho. Wolera akuyembekeza kuti mwanayo adzakula, adzagwira ntchito ku Limbe kapena ku Makata, nadzakumbukira amene anam'lera. Nanga mwana wa zaka 2 amene sanayambebe kuyenda, amene amadwala khunyu, kapena amene adzamwa mankhwala masiku onse a moyo wake? Pamene abale akhala pansi maliro atatha kuti agawane ana, ameneyu ndiye amatsala, aliyense atazolika. Phunziro la sabata ino likunena za banja lachikhristu limene limati, "Ameneyu tipita naye ife," ndi za mpingo umene banjalo limapembedzamo.

TSIKU LOYAMBA: Mlezi ndi Makiri

Kodi Mefiboseti anapunduka bwanji, ndipo anali wa msinkhu wanji? 2 Samueli 4:4.

Mnyamatayu anali ndi zaka 5 pamene uthenga unafika wakuti atate wake Jonatani ndi agogo ake Sauli afa kunkhondo. Mlezi wake anam'nyamula kuti athawe naye, ndipo m'kufulumirako mwana anagwa napunduka mapazi onse awiri. Tsiku limodzi linam'landa atate, nyumba yachifumu ndi miyendo.

Malembo satchula dzina la mlezi ameneyu, ndipo sam'dzudzula. Mwana anavulala m'manja mwa munthu amene anali kum'pulumutsa. Olera ana odwala amadziwa kulemera kwa mtima wotere: "Ndikadafulumira kupita naye ku Queens, bwenzi malungo asanafike kuubongo." Mau amenewa amam'dya munthu usiku kwa zaka zambiri, ngakhale kuti palibe amene akum'imba mlandu.

Kodi Davide anam'peza kuti Mefiboseti? 2 Samueli 9:4, 5; 17:27-29.

Timakonda kuyamikira Davide, koma pamene iye anafunsa za a m'nyumba ya Sauli, Mefiboseti anali atakula kale, ali ndi mwana wakewake, Mika. Anapezeka ku Lodebara, m'nyumba ya Makiri mwana wa Amiyeli. Kusunga mdzukulu wa mfumu yogonjetsedwa kunalibe phindu, mwinanso kunali koopsa. Makiri yemweyu tikumuonanso pambuyo pake akutengera Davide zogonera, mbale ndi chakudya pamene mfumuyo inkathawa Abisalomu. Zikuoneka kuti chinali chikhalidwe chake kutsegulira khomo munthu amene alibe chobweza.

TSIKU LACHIWIRI: Mwana, Osati Mlendo

Werengani 2 Samueli 9 yense. Kodi kudya pagome la mfumu kwatchulidwa kangati? Nanga mutuwu ukutha ndi mau onena za chiyani?

Kanayi konse mlembi akubwereza kuti Mefiboseti anadya pagome la Davide, ndipo vesi 11 likumuika pamodzi ndi ana a mfumu. Kenaka, pamene tikuyembekeza chozizwitsa, vesi lotsiriza likutikumbutsa kuti anali wopundukabe mapazi onse awiri. Sanachire. Malo ake pagome sanadikire kuti ayambe wayenda.

Apa ndi pamene mabanja ena, ngakhale opemphera, amapunthwa. Amatenga mwana wodwala ali ndi chiyembekezo chobisika chakuti chikondi ndi mapemphero zim'chiritsa msanga, umboni uperekedwe pamsonkhano wa misasa. Chaka chikatha mwana akadali chimodzimodzi, mtima umayamba kuzirala. Mwana uja amasanduka "wa malemu achemwali", amadyera payekha m'khichini, ndipo alendo akabwera amam'tsekera kuchipinda. Mwana wa zaka 3 sadziwa kulankhula zambiri, koma amadziwa bwino lomwe amene amanyamulidwa poyamba ndi amene amaiwalika.

Davide anachitanso chinthu china chimene sitikamba kawirikawiri: anam'bwezera minda yonse ya Sauli. Kukoma mtima kwake kunali ndi maziko oti ena sangawagwedeze mosavuta. Komabe Ziba, mtumiki wa ana aamuna 15 ndi antchito 20, anapezerapo mwayi pa kupunduka kwa mbuye wake, nam'neneza kwa mfumu, ndipo mapeto ake mindayo inagawidwa pakati (2 Samueli 16:1-4, 19:24-30). A Ziba sanathe. Ndi chifukwa chake Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 2011 lamulo loona za chuma cha masiye, limene limati kulanda chumacho ndi mlandu.

Ambiri anayamba kumva za kutenga mwana kudzera kukhoti pamene woimba wa ku America, Madonna, anatenga David Banda ku Mchinji m'chaka cha 2006, mwanayo ali ndi chaka chimodzi ndipo atadwala chibayo, ndiponso pamene Khoti Lalikulu la Apilo mu Blantyre linam'loleza kutenga Mercy James mu 2009. Kuyambira pamenepo ena amaganiza kuti njira imeneyi ndi ya azungu achuma. Si choncho. Lamulo la m'chaka cha 1949 limalola munthu wa zaka zosachepera 25 kupempha khoti, ndipo njira yake imayambira kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Mwambo wathu wolera ana a abale ndi wabwino, koma mwana wolumala ndiye woyamba kutayidwa pamene om'lera amwalira. Chikalata cha khoti ndi wilo yolembedwa bwino ndizo minda ya Mefiboseti masiku ano.

TSIKU LACHITATU: Nkhuyu za Yesaya

Mulungu atalonjeza kuchiritsa Hezekiya, kodi mneneri analamula kuti achite chiyani? 2 Mafumu 20:5-7.

Lonjezo linachokera kumwamba, koma nkhuyu zinaikidwa pachithupsa ndi manja a anthu. Mpingo wathu sunaonepo udani pakati pa pemphero ndi mankhwala. Malamulo, imene inayamba ngati mishoni m'chaka cha 1902, inadziwika m'dziko lonse chifukwa chosamalira akhate, ndipo mu mzinda uno tili ndi Blantyre Adventist Hospital. N'zachisoni tsono kumva Mkhristu wa Adventist akusiyitsa mwana mankhwala chifukwa mlaliki wina wapamsika wati kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro.

Taganizirani mwana wobadwa ndi mapazi opindika. Ku chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002 pafupi ndi Queens, amawongola mapazi otere ndi chikhakha chimene amasintha sabata ndi sabata kwa mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi zambiri n'kudulako pang'ono mtsempha wa kuchidendene. Ntchito ya dokotala imathera pamenepo. Yotsalayo ndi ya kunyumba: mwana avale nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo usana ndi usiku kwa miyezi 3, kenaka usiku uliwonse kufikira zaka 4 kapena 5. Mwana amalira, amayi amamva chisoni, agogo amati mukum'zunza mwana wamasiye. Nsapato zikavulidwa, phazi limabwerera mwakale pang'onopang'ono. Pano chifundo chenicheni ndi kumanga zingwe za nsapatozo, mwana akulira.

Chimodzimodzinso ndi ma ARV, amene boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004. Mwana amene amamwa tsiku lililonse panthawi yake amakula, amapita kusukulu ngati anzake. Kudumphitsa kumachititsa kuti kachilombo kazolowere mankhwala. Mankhwala a khunyu nawonso sasiyidwa mwadzidzidzi chifukwa chakuti mwana wakhala miyezi osagwa. Ndipo popeza ambiri m'mipingo yathu akadali ndi mantha, tinene poyera: khunyu silipatsirana, ngakhale kudzera m'malovu. Mwana akagwa, m'chotseni pafupi ndi moto kapena madzi, m'gonekeni chammbali, ndipo musaike supuni kapena chala m'kamwa mwake.

Kabuku ka kuchipatala kosungidwa bwino, tsiku la sikelo losaphonyedwa, botolo la mankhwala loikidwa pamene ana ena sangafikire: kodi zimenezi mungazione ngati mbali ya kupembedza kwanu? Fotokozani.

TSIKU LACHINAYI: Anachimwa Ndani?

Yerekezani funso la ophunzira ndi yankho la Yesu pa Yohane 9:1-3.

Ophunzira anafuna wolakwa. Ifenso timatero, kungoti timalankhula chapansipansi: mayi wake anali woyendayenda, kapena pali wina kumudzi amene anachita zamankhwala. Banja limene lalera mwana wa kachilombo lili ndi udindo wosunga chinsinsi chake. Matenda a mwana si nkhani yopereka ngati pempho la pemphero pamaso pa mpingo wonse, pakuti mwanayo adzakula pakati pa anthu omwewo. Iye mwini ayenera kuuzidwa choonadi pang'onopang'ono monga mwa msinkhu wake, za matenda ake ndi za makolo om'bereka, asadzazimve kwa mnzake pamkangano wa mpira. Estere analeredwa ndi Moredekai, koma anadziwa mtundu wake ndi dzina la atate wake (Estere 2:7, 15).

TSIKU LACHISANU: Mpando Wopanda Munthu pa Sabata

Kodi Yesu anayankha chiyani kwa mkulu wa sunagoge? Luka 13:10-17.

Mayi wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni amene mwana wake wagonekedwa ku Queens amakhala gadiyani usana ndi usiku, akugona pansi pambali pa bedi. Sabata limam'peza komweko. Ngati mwana wachitidwa opaleshoni ku Mercy James Centre, imene inatsegulidwa mu 2017, masabata angapo angathe kudutsa. M'kaundula wa kalasi dzina lake limalembedwa kuti sanabwere. Koma ndani wasunga Sabata koposa: iye amene akutembenuza mwana wodwala, kapena ife amene tadya nkhomaliro pansi pa mtengo n'kubwerera kwathu osam'funsa?

Werengani Agalatiya 6:2. Amayi a Dorika amachita bwino kupereka sopo ndi zovala, koma banja lotere limasowa china chimene sichilowa m'jumbo. Limasowa munthu wodziwa kum'mwetsa mwana mankhwala, woti atsale naye masana amodzi kuti amayi agone. Limasowa ndalama ya minibasi mwezi ndi mwezi, osati kamodzi pachaka. Abambo asaone ngati iyi ndi ntchito ya amayi okha. Kumzere wa kuchipatala kulibe chikwangwani choletsa amuna. Ndipo ana obadwira m'nyumbamo, amene ataya mbali ya nthawi ya makolo awo osafunsidwa, nawonso amafuna wina wowakumbukira.

Kodi Paulo akulumikiza bwanji umwana wathu ndi matupi athu? Aroma 8:15, 23.

Mtumwi akuti talandira kale mzimu wa umwana, komabe tikubuula, tikudikira chiombolo cha thupi. Ndiye kuti tonsefe tili pagome la Mfumu ndi mapazi opunduka. Mulungu anatitenga tisanachire, akudziwa bwino zonse zolembedwa m'kabuku kathu. Kudumpha kwa wopunduka kumene Yesaya 35:6 akulonjeza n'kotsimikizika, koma kwa ana ena kudzachitika pa kudza kwa Ambuye.

TSIKU LOKONZEKERA: Kuphunzira Kowonjezera

Ellen G. White anaika m'manda ana ake awiri, John Herbert ali khanda mu 1860 ndi Henry mu 1863, ndipo analera ana a anthu ena m'nyumba mwake. M'buku lake The Ministry of Healing la mu 1905 analangiza kuti ana amasiye amakula bwino m'mabanja achikhristu kusiyana ndi m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo ana. Sikuti banja lililonse laitanidwa kutenga mwana wodwala. Luka 14:28 amatiuza kuyamba takhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, ndipo mwamuna ndi mkazi ayenera kuvomerezana ndi mtima wonse asanalonjeze pamaso pa abale.

Mafunso Okambirana:

1. Banja lina m'kalasi mwanu lalera mwana wolumala kwa zaka 2, ndipo tsopano bambo ntchito yawathera. Abale akumudzi akuti am'tenga, koma kumeneko chipatala chili kutali ndipo mankhwala ake sapezeka kawirikawiri. Kodi mungawalangize chiyani, ndipo kalasi yanu ingalonjeze chiyani chimene ingakwaniritsedi mwezi uliwonse?

2. Mwana akakuwa kapena kugwa pakati pa ulaliki, kodi madikoni a mpingo wanu amachita chiyani? Nanga pakhomo la tchalitchi chanu njinga ya olumala ingalowe popanda kunyamulidwa?