Kodi Nsadzu Ingatiphunzitse Chikhristu?

Mlaliki akafuna kudzudzula khalidwe linalake, kawirikawiri amaloza kunja kwa tchalitchi. Amati taonani nyerere momwe zimalimbikira ntchito, taonani nkhuku momwe imafungatira anapiye ake, ngakhale nyama sizichita zonyansa zimene anthu akuchita. Mpingo umagwedeza mitu movomereza. Kuseri kwa mawu oterewa kuli ganizo lakuti chilichonse chinalengedwa ndi cholinga, ndipo amene wadziwa cholingacho wadziwanso chimene Mulungu akufuna kuti tichite. Ganizoli ndimalilemekeza, koma ndikukayika ngati lingathe kusenza katundu yense amene timalisenzetsa.

Si ganizo la dzulodzuloli ayi. Aristotle, Mgiriki amene anamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti chinthu sungachimvetse usanafunse ntchito yake. Diso n'lopenyera, mano akutsogolo ngolumira, a m'mbali ngotafunira. Patapita zaka zoposa 1,500, Thomas Aquinas, wansembe wa chipani cha Dominican yemwe anamwalira mu 1274, analowetsa ganizoli m'chiphunzitso cha Mpingo. M'buku lake la Summa Theologiae anati munthu amabadwa ndi zofuna zitatu: kuteteza moyo wake, kubereka ndi kulera ana, komanso kudziwa choonadi cha Mulungu ndi kukhala bwino ndi anzake. Pa zofuna zimenezi m'pamene anamangapo lamulo lachilengedwe. Maziko omwewa ndiwo anaimapo Papa Paul VI mu 1968 polemba kalata ya Humanae Vitae, yokana njira zolerera za mankhwala ndi zipangizo. Choncho nkhaniyi si yongotsutsana anthu ophunzira. Imafika mpaka m'chipinda cha banja.

Ubwino wa ganizoli ndi woonekeratu. Limafotokoza chifukwa chimene makolo athu ankadziwira kuti kupha, kuba ndi kutaya mwana n'koipa amishonale asanafike. Paulo Woyera naye, m'mutu wachiwiri wa kalata yake kwa Aroma, amavomereza kuti anthu amene sanalandire chilamulo amatha kuchita zofuna za chilamulocho mwachibadwa. Mkhristu, Msilamu ndi munthu wotsata za makolo angathe kukhala pabwalo limodzi n'kumvana kuti mwana ayenera kudya, ngakhale sawerenga buku limodzi.

Vuto limayamba tikachiyang'anitsitsa chilengedwecho. Titenge nsadzu, mbalame imene imalondolera anthu kumene kuli njuchi. Munthu amafula uchi, mbalameyo n'kudya phula lotsala. Mu 2016, Claire Spottiswoode ndi anzake anasindikiza kafukufuku amene anachita pakati pa Ayao ofula njuchi ku Niassa, m'dziko la Mozambique. Anapeza kuti ofulawo akaitana nsadzu ndi kaitanidwe kawo kapadera, mwayi wopeza njuchi unkachuluka pafupifupi katatu. Ulaliki wokoma wa kuthandizana ungatuluke pamenepa.

Koma nsadzu yomweyo simanga chisa. Imaikira dzira lake m'chisa cha mbalame ina. Kamwana kake kamaswedwa kasanapenye n'komwe, koma kali kale ndi timbedza takuthwa kumapeto kwa mlomo, ndipo ndi timbedzato kamabaya ana a eni chisa mpaka onse afe. Eni chisa amapitiriza kudyetsa wakupha ana awo. Spottiswoode yemweyo anajambula zimenezi pafupi ndi Choma ku Zambia. Timbedzato tili ndi cholinga chomveka bwino ngati cha diso, ndipo ntchito ikatha timachoka. Nanga ndi nsadzu iti imene tiyenera kutsanzira, yolondolera ku uchi kapena yobaya abale ake? Ndi mbalame imodzi.

Zitsanzo zotere n'zambiri. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, koma m'nyanja ya Malawi momwemo muli nsomba zina zimene zimagunda mayi wotere kuti alavule anawo ndipo ziwadye. Udzudzu waukazi umafuna magazi kuti mazira ake akhwime, ndipo pochita zimenezo umafalitsa malungo. Charles Darwin, amene mu 1859 anafotokoza kuti ziwalo zimakhala ndi ntchito chifukwa zamoyo zimene zinali nazo ndi zomwe zinapulumuka n'kubereka, anasautsika ndi zotere. Mu 1860 analembera Asa Gray kuti zinkamuvuta kukhulupirira kuti Mulungu wachifundo anapanga dala mavu amene mphutsi zake zimadya mbozi yamoyo kuyambira m'kati.

Apa ndikuona kuti mlaliki uja asanaloze nkhuku, anali atasankha kale kusaloza nsadzu. Muyeso umene anasankhira anabwera nawo kuchokera kwina. David Hume wa ku Scotland anachenjeza za zimenezi cha m'ma 1740: kunena momwe zinthu zilili n'kosiyana ndi kunena momwe ziyenera kukhalira, ndipo wodumpha kuchoka pa choyamba kufika pa chachiwiri ayenera kutionetsa mlatho wake.

Wotsatira Aquinas angandiyankhe kuti ndasokoneza nkhani, poti lamulo lachilengedwe limakamba za chibadwa cha munthu woganiza, osati za mbalame. Yankholi ndi lamphamvu, ndipo ndikulivomereza. Komabe chibadwa cha munthu nachonso n'chosakanikirana. Muli chikondi cha mayi, mulinso nsanje, dyera ndi mtima wobwezera. Amene amasankha zoyenera kutchedwa chibadwa chenicheni ndi munthu, ndipo munthu amakonda kutcha chilengedwe zimene zikumukomera. Aristotle yemweyo anaphunzitsa kuti anthu ena ndi akapolo mwachibadwa. Mu 1550, mumzinda wa Valladolid ku Spain, Juan Ginés de Sepúlveda anagwiritsa ntchito mfundoyi poikira kumbuyo nkhondo zogonjetsa mbadwa za ku America, pamene Bartolomé de las Casas, wa chipani chimodzi ndi Aquinas, anamutsutsa. Onse awiri anali Akhristu odziwa lamulo lachilengedwe. Ife amene makolo athu ankaolotsedwa pa Nkhotakota kupita ku misika ya akapolo tiyenera kuchenjera munthu akamatiuza kuti chilengedwe chalamula.

Palinso china. Malamulo amene amachisiyanitsa Chikhristu ndi omwe chilengedwe sichiwadziwa. Kukonda mdani sikuteteza moyo. Kukhululukira wokulakwira mobwerezabwereza sikuchulukitsa mbumba. Wansembe kapena sisitere wosakwatira waika pambali chofuna chachiwiri chija, ndipo Charles Lwanga, amene anatenthedwa ku Namugongo mu 1886, anaika pambali choyambacho. Mpingo umawalemekeza anthu amenewa. Aquinas mwini ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anaphunzitsa kuti chikhulupiriro, chiyembekezo ndi chikondi ndi mphatso zochokera kwa Mulungu, zimene chibadwa pachokha sichingabale.

Kodi pamenepa chilengedwe chilibe mawu? Chili nawo. Wofuna kukonda mnzake ayenera kudziwa chimene chimamupweteka ndi chimene chimamukulitsa, ndipo zimenezi timaziphunzira poyang'ana thupi ndi moyo wa munthu. Mtsikana wa zaka 13 thupi lake silinakhwimire uchembere, ndipo womukwatitsa akumuika pa ngozi. Umboni wotere ndi wofunika kwambiri. Koma pa mlandu wa kwa amfumu, mboni imanena zimene inaona, kenako n'kukhala pansi. Kugamula ndi kwa ena.

Ine ndikuona kuti malo a chilengedwe ndi a mboni. Mkhristu amene akuti khalidwe lakutilakuti n'loipa anene poyera kuti muyeso wake wautenga kwa Yesu wa ku Nazarete, ndipo akhale wokonzeka kuyankha mafunso pa muyesowo. Akabisala kumbuyo kwa nkhuku ndi nyerere, tsiku lina wina adzamufunsa za nsadzu.