Ngongole ya Mwini Cholembera

Msilikali wa dziko la United States akatsiriza nyengo ya utumiki wake, angakhale kuti anatha zaka zambiri akugona m'maenje, kuoloka nyanja ndi kuika anzake m'manda a kuchilendo, chimene amatuluka nacho pachipata cha kampu, kuwonjezera pa zipsera za m'thupi, ndi chikalata chimene Boma limachitcha DD Form 214, chimene chinayamba kuperekedwa m'chaka cha 1950. M'menemo mumalembedwa tsiku limene analowa usilikali ndi limene anatuluka, udindo umene anafikapo, ntchito imene ankagwira, maphunziro amene anatsiriza, mamendulo amene anapata, ndiponso ngati anatuluka mwaulemu kapena mwamanyazi. Tsono popeza wolemba chikalatacho ndi kalaliki, munthu wa thupi ndi mwazi amene tsiku limodzi angatulutse anthu miyandamiyanda, ndipo popeza mnyamata wochisainayo mtima wake umakhala uli kale kumudzi kwa amayi ake, si zachilendo kuti mzere wina utsale, mendulo ina isatchulidwe, kapena sukulu ya miyezi yambiri isaoneke konse. Ndipo mwiniwake amadzazindikira zimenezi imvi zitamera.

Alipo anthu, ena a iwo anzeru ndithu, amene amati nkhalamba yoyenda m'maofesi kufuna kuti aiwonjezere mzere pachikalata chakale ikungodzisautsa ndi ulemerero wachabe, pakuti chimene inachita inachichita, ndipo Mulungu ndi anzake a kunkhondo akuchidziwa. Ine ndikuti iai. Anzake a kunkhondo amatha mmodzimmodzi, pamene chikalata chimakhalabe, ndipo ndicho chimene chimamlankhulira munthu pamaso pa anthu amene sanamuonepo atanyamula mfuti. Wolemba ntchito safunsa zipsera, amafunsa chikalata. Amene anaphunzira umakaniko wa ndege kapena ntchito ya chipatala ali m'gulu la nkhondo angathe kuwerengeredwa maphunzirowo kukoleji, malinga ngati alembedwa. Akapanda kulembedwa, ayenera kukhalanso pabenchi ndi ana, kulipira kuti aphunzitsidwe zimene anazichita kale pakati pa zipolopolo. Mendulo ya Purple Heart, imene imaperekedwa kwa ovulazidwa ndi adani, imamuika munthu patsogolo pofunsira ntchito m'boma ndiponso polandira chithandizo m'zipatala za asilikali opuma. Ngakhale pa tsiku la maliro, mbendera yofunditsa bokosi ndi mawu ozokotedwa pamwala wa pamanda zimatsata zolembedwa. Chotero mzere wotsalawo ndi chakudya cha ana, mankhwala a nkhalamba ndi ulemu wa womwalira.

Njira yokonzera ilipo, ndipo tiyenera kuiyamika. Kale, wolakwiridwa ankachita kudandaulira phungu wake kuti Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo lapadera lokhudza iye yekha. Koma m'chaka cha 1946, asilikali a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse atabwerera mwaunyinji, aphungu anaona kuti katunduyo sangamusenze, nalamula kuti nthambi iliyonse ya asilikali ikhale ndi bwalo la anthu wamba lokonza zolembedwa zolakwika ndi zosalungama. Wodandaula amalemba fomu yotchedwa DD Form 149, naikapo umboni wake, pasanathe zaka zitatu chizindikirire cholakwacho, ngakhale kuti bwalo lili ndi mphamvu yomvera wochedwa ngati chilungamo chikufuna chomwecho. Ndipo ngati mwiniwake anatsikira kale kulichete, mkazi wamasiye kapena mwana angathe kumuimira. Dandaulo likamveka, kwa zaka zambiri mwambo wakhala wotulutsa chikalata china, DD Form 215, chimene chimaphatikizidwa ku choyambacho monga chikonzero chake.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandivutitsa maganizo, ndicho chakuti mtolo wonse wa umboni umaikidwa pamutu pa wodandaula. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo n'zoona kuti palibe angadziwe kuti chikalata chaperewera koposa mwini wake. Komabe mwambiwu sunena kuti amene anakiya chitsekocho nataya kiyi akhale pansi n'kumaonerera. Pa 12 Julaye 1973, moto unabuka m'nyumba yosungiramo mafayilo a asilikali pafupi ndi mzinda wa St. Louis, m'chigawo cha Missouri, nunyeketsa mafayilo a pakati pa 16 miliyoni ndi 18 miliyoni, amene analibe makope kwina kulikonse. Mwa asilikali a pamtunda amene anatuluka usilikali kuyambira 1912 kufikira kuchiyambi kwa 1960, pafupifupi 80 mwa 100 alionse mbiri yawo inasanduka phulusa. Antchito a m'nyumbamo mpaka lero amayesetsa kulumikiza mbiri za anthu pogwiritsa ntchito mapepala a malipiro, malipoti a m'mawa a timagulu ta nkhondo ndi zolemba za m'zipatala, ndipo ntchito yawo ndi yotamandika; koma kodi n'chilungamo kuti Boma, limene linatayitsa chimene linasungitsidwa, liuze nkhalamba kuti ibweretse pepala limene iyo sinapatsidwepo kuti isunge?

Buku la Estere limasimba za mfumu Ahaswero, imene usiku wina itasowa tulo inaitanitsa buku la mbiri ya ufumu wake, nipeza kuti Moredekai anaipulumutsa ku chiwembu koma sanapatsidwe kanthu. Chondigwira mtima m'nkhaniyi n'chakuti Moredekai sanalembe dandaulo: mfumu ndiyo inawerengetsa bukulo, mfumu ndiyo inafunsa, mfumu ndiyo inamulemekeza. Umo ndimo ziyenera kukhalira ndi aliyense wosunga mabuku a anthu ena, pakuti cholembera chinali m'dzanja lake pamene mwini nkhani anali kutali, m'matope.

Tikafufuza bwino, tipeza kuti mizere ina siinatsale chifukwa cha kutopa kwa kalaliki, koma chifukwa cha khungu la msilikali. Freddie Stowers, kopolo wachikuda wochokera ku South Carolina, anafa ku France pa 28 Sepitembala 1918 akutsogolera anzake kukwera phiri limene adani anayamba anamizira kugonja kenaka n'kuwathira moto. Mkulu wake anapempha kuti alandire Medal of Honor, ulemu woposa wonse wa usilikali ku United States, koma pempholo linangogona osayankhidwa, kufikira m'chaka cha 1991 pamene Pulezidenti George Bush anapereka mendulo ija kwa alongo ake awiri, amene anali atakalamba zedi. Pa nkhondo yachiwiri, panalibe ngakhale msilikali mmodzi wachikuda amene analandira mendulo imeneyi pa nthawiyo. Ndipo pamene Pulezidenti Bill Clinton anaipereka kwa asanu ndi awiri mu Januwale 1997, akatswiri a mbiri atafukula mafayilo, wamoyo anali mmodzi yekha, Vernon Baker, amene anamenya nkhondo ku Italy mu 1945.

Yowawa koposa ndi ya ku Brownsville, m'chigawo cha Texas, kumene mu Ogasiti 1906 munthu anaphedwa ndi mfuti usiku, eni mudzi naloza chala asilikali achikuda a pakampu yoyandikana. Popanda kuzenga mlandu, ndiponso popanda kupeza wolakwa, Pulezidenti Theodore Roosevelt anachotsa usilikali amuna 167 mopanda ulemu, ena a iwo atatumikira zaka zoposa makumi awiri, nataya penshoni yawo. Boma linasintha zikalata zawo mu 1972, wolemba mabuku John Weaver atafukulanso nkhaniyo. Ndipo mmodzi wa iwo, Dorsie Willis, nkhalamba imene inatha moyo wake ikupukuta nsapato za anthu ku Minneapolis, analandira chikalata chaulemu ndi madola 25,000. Inde, mlandu suola, koma anthu amaola. Ndipo chilungamo chofika patapita zaka 66 chimapeza ambiri ali kumanda, ana awo atakula ndi manyazi amene sanali awo.

Pano wina adzati: mukatsekula khomo kwambiri, mudzalowa onama. Ameneyu wanena zoona, ndipo sindimtsutsa. Alipo anthu ovala mamendulo ogula pamsika, osimba nkhondo zimene sanazione, kotero kuti mu 2013 dzikolo linakhazikitsa lamulo lolanga wodzinamiza kuti analandira mamendulo ena pofuna kupezerapo ndalama kapena phindu. Bwalo limene likadalemba chilichonse chimene munthu wanena likadachotsa mtengo wa chikalata cha wina aliyense, ndipo oyamba kuberedwa akadakhala omwewo amene anakhetsa mwazi. Umboni ufunike ndithu. Chimene ndikukana n'chakuti kusowa kwa pepala kuyesedwe umboni wakuti chinthucho sichinachitike, makamaka pamene wolitaya akudziwika. Mawu olumbirira a amene anali nawo pankhondo, makalata amene mnyamata analembera kwawo, chithunzi cha tsiku lomaliza sukulu, chidutswa cha chitsulo chimene dokotala akuchiona m'ntchafu: zonsezi ndi mboni, ndipo bwalo lolungama limaziyeza mofatsa, osati kuzikankhira kumbali chifukwa zilibe chidindo.

Ife a kuno nkhaniyi isatikhalire ngati ya kutsidya kwa nyanja kokha. Makolo athu anavala yunifomu ya King's African Rifles, namenya nkhondo ku East Africa ndi ku Burma, ndipo chipilala cha ku Zomba chimakumbutsa ena mwa amene anagwa. Koma unyinji wa amtengatenga, amene anasenza katundu wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse nafera m'njira ndi njala ndi matenda, sunalembedwe paliponse. Mu 2021, bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, makamaka a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo mwina ena sanakumbukiridwe n'komwe. Msilikali wa ku America ali ndi chikalata choti achikonze. Ambiri a agogo athu analibe ngakhale mzere woti ulakwike.

Chifukwa chake ndikuti msilikali aliyense wotuluka lero, wa dziko lililonse, asafulumire kusaina asanawerenge mzere ndi mzere, ndipo asunge satifiketi iliyonse monga asungira mapepala a munda. Ana a asilikali okalamba awafunse makolo awo akadali ndi mawu, nalembe maina a magulu, malo ndi zaka, pakuti mboni ikagona palibe angaidzutse. Koma udindo waukulu ukhalebe pa Boma, limene linaitana mnyamata ndi dzina lake lonse pomutumiza kunkhondo, osaphonya ngakhale chilembo chimodzi. Lisadikire kuti nkhalamba igogode. Liziwerenga lokha mabuku ake, lizifunafuna olakwiridwa akadali ndi moyo, ndipo likakonza cholakwa lisadziyese lachifundo, pakuti langobweza chimene linakongola.